Lipoti la ntchito: Subaru WRX STI yomwe inkatsamwa turbo ikayamba kukoka

Galimoto yake ndi Subaru Impreza WRX STI ya 2004, mtundu wa GDB, injini ya EJ207 ya malita awiri yokhala ndi turbo (chipangizo chopopera mpweya wochuluka mu injini kuti ikhale ndi mphamvu), magiya sikisi a pamanja, ndipo imakoka ndi matayala onse anayi. Inalowa m'dziko muno kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo mwiniwake wapano ndi wachiwiri kuno kwathu. Pa dashibodi inkawerenga makilomita opitirira 140,000, koma manambala a galimoto za ex-Japan ine ndimangowerenga, sindiwalumbirira. Buku la sevisi panalibe.

Mwiniwake ndi bambo wachinyamata wogwira ntchito ku City Centre ku Lilongwe. Pakati pa sabata galimotoyo imakhalira kukwawa pamzere wa m'mawa ndi madzulo, ndipo kumapeto kwa sabata amaitulutsa ulendo wa ku Salima kapena ku Dedza. Anafika ku galaja kwathu m'mwezi wa Okutobala ndi madandaulo atatu. Akaponda mafuta kwambiri, singano yosonyeza kuzungulira kwa injini ikafika cha m'ma 3,500, galimoto inkatsamwa kenako n'kukoka mozengereza. Petulo inkamwa mosadziletsa. Akamatsika mapiri a ku Dedza n'kuponda buleki, chiwongolero chinkanjenjemera. M'buti munali katoni ya madisiki atsopano a mabuleki ochokera ku Johannesburg.

"Madala, ingondiikirani madisikiwa, mundisinthirenso mapulagi. Ndalama yotsalayo ndikufuna ekizozi yolira bwino," anatero.

Ndinawayankha kuti, "Achimwene, ekizozi idikire kaye. Tiyambe tamva zomwe injini ikunena."

Zomwe tinapeza ku injini

Makina wamba owerengera kompyuta ya galimoto, aja olumikiza ku foni, analephera kulankhula nayo. Izi sizachilendo pa ma Subaru opangidwira msika wa ku Japan a zaka zimenezo, chifukwa ambiri amayankha kudzera m'njira ya Subaru yomwe, yotchedwa SSM. Titalumikiza chingwe choyenera ndi laputopu tinapeza P0171, kutanthauza kuti petulo wolowa ndi wochepa poyerekeza ndi mpweya. Koma chomwe chinandikhazika pansi ndi nambala ina yotchedwa IAM. Pa kompyuta za ma GDB nambalayi imayenda kuchokera pa 0 mpaka 16. Ikakhala pa 16 ndiye kuti injini ndi yokhutira ndi petulo komanso momwe moto ukuyakira. Ikamatsika, kompyuta yamva kugogoda m'masilinda ndipo ikuchedwetsa moto kuti iteteze mapisitoni. Iyi inali pa 4. Kutsamwa komwe mwiniwake ankadandaula kunali kudziteteza kwa injini.

Kugogodaku sikumveka ndi khutu nthawi zambiri, makamaka galimoto ikakhala ndi ekizozi yaphokoso. Petulo amaphulika yekha nthawi yake isanakwane, ndipo chomwe chimayamba kuthyoka pa injini za EJ ndi timakoma tating'ono tapakati pa maring'i a pisitoni, kawirikawiri silinda ya nambala 4. Choncho tisanagule kalikonse tinayeza kompulesheni, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda. Masilinda onse anayi anapereka cha m'ma bar 10, osasiyana kwambiri. Apa m'pamene ndinadziwa kuti ntchito yathu ikhala yokonza zozungulira injini, osati kuitsitsa.

Titatsegula boneti, zambiri zinkaonekera poyera. Bokosi la sefa ya mpweya linachotsedwa, m'malo mwake munali sefa yooneka ngati chitsononkho, yopaka mafuta ofiira, itakhala pamtetete pafupi ndi injini yotentha. Sensa yoyeza mpweya, ya MAF, ili kuseri kwa sefa yomweyo. Mnyamata wanga wina ataichotsa n'kuiunika ndi tochi, tiwaya take tinali titakutidwa ndi phala lakuda la mafuta osakanikirana ndi fumbi lofiira la m'chilimwe. Sensa yotere imauza kompyuta kuti mpweya wolowa ndi wochepa pomwe ndi wambiri, ndiye kompyuta imathira petulo wochepa. Kuwonjezera apo, titapopera utsi m'mapaipi a mpweya, unkatuluka pansi pa manifodi (mapaipi ogawira mpweya m'masilinda), pa paipi ya labala yolowera ku turbo. Inali itang'ambika pakamwa pomwe imagwira turbo, ndipo wina anaikulunga ndi tepi yakuda. Mpweya wolowera pamenepo sensa siuona n'komwe, ndipo umalowa ndi fumbi lake.

Ndiye panali kavalavu kaja kolira "tshii" posintha giya, komwe anyamata a m'tauni amakakonda. Valavu yochokera kufakitale imabwezera mpweya m'paipi, chifukwa mpweyawo sensa yauwerenga kale. Iyi yotayira kunja imachititsa kuti petulo achuluke nthawi iliyonse phazi likachoka pa mafuta. Choncho galimoto inkasowa petulo pokoka, n'kumamutaya posintha giya.

Mapulagi anali atsopano ndithu, a miyezi yochepa, olembedwa NGK. Koma nsonga yake yapakati inali itadyeka kale ndipo mpata wake unali utakula kufika pafupifupi milimita imodzi ndi theka, pomwe injiniyi imafuna pakati pa 0.7 ndi 0.8. Zilembo zake zinkafufutika ndi chikhadabo, ndipo kawashala kake kankavuka ndi zala. Anali a feki. Kampaniyo payokha imachenjeza za anthu okopera katundu wake, ndipo msika wathu wadzaza nawo. Mwiniwake anati anawagula pamtengo wosafika theka la womwe ankauzidwa kwina, ndipo anaona ngati wachita mwayi.

Chomaliza chinali petulo yemwe. Tinamangirira geji pa paipi ya petulo n'kuyenda nayo. Pa injiniyi mphamvu ya petulo imayambira pa bar 3 ndipo iyenera kukwera mofanana ndi momwe turbo ikupopera. Iyi inkakwera pang'ono kenako n'kugwa. Titatulutsa pampu m'thanki, kasefa kake ka kunsi kanali kabulauni, ndipo pansi pa thanki panali matope ndi timadontho ta madzi. Mwiniwake sanabise: nthawi yomwe mafuta ankasowa ankagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, chifukwa sakanatha kugona pamzere. Sindimuweruza, tonse tinadutsamo. Koma Vitz imakhululuka petulo wa m'chigubu, STI sikhululuka.

Nkhani ya petulo ili ndi mbali ina yomwe sitingaikonze ndi sipanala. Galimotoyi inakonzedwera petulo wapamwamba wa ku Japan yemwe octane yake, nambala yosonyeza momwe petulo amapirira osaphulika yekha, imafika pafupi ndi 100. Kwathu kuno mtundu wa petulo ndi umodzi, sitisankha, ndipo wathuyo safika pamenepo. Amasakanizidwanso ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, zomwe dziko lino linayamba mu 1982. Ethanol payekha amathandiza kuchepetsa kugogoda, koma amafuna kuti pampu itumize petulo wochulukirapo, amakoka chinyezi, ndipo mapaipi akale a labala sagwirizana naye. Onjezanipo kuti Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, kotero turbo imazungulira kwambiri kuti ipeze mpweya womwewo, ndipo intercooler ya galimotoyi, yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ili pamwamba pa injini. Ikaima pamzere masana a Okutobala imangowamba. Dalaivala akangoona mpata pa Area 18 n'kuponda mpaka pansi, mpweya wolowa m'silinda umakhala wamoto.

Lamba yemwe palibe anadandaula naye

Ku Japan akasintha timing belt, lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapisitoni, amakonda kumata kapepala kosonyeza tsiku ndi makilomita. Apa panalibe. Mwiniwake anafunsa amene anamugulitsa, ndipo yankho linali loti "inabwera ili bwinobwino". Lamba wa injiniyi amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo zaka nazo zimamudya ngakhale galimoto itangoima. Titachotsa chivundikiro, lambayo sankaoneka woipa kwenikweni. Chomwe chinaipa ndi zomuzungulira. Tensioner, yomwe imakunga lambayo, inali itanyowa mafuta pamutu, ndipo kagudumu kamano kaja ka kunsi, pafupi ndi pampu ya madzi, kankalira "khrrr" ukakazunguza ndi dzanja, komanso kankagwedera.

EJ207 ili ndi ma camshaft anayi, zitsulo zotsegula ndi kutseka mavalavu, oyendetsedwa ndi lamba mmodzi wamtali. Akadumpha mano kapena kuduka, mavalavu amakumana ndi mapisitoni kapena amawombana okhaokha, ndipo kukonza kwake n'kutsitsa injini yonse. Ndinauza mwiniwake kuti pa zonse zomwe tapeza, ichi chokha ndi chomwe sindingamulole kutuluka nacho pageti. Lamba ali ngati chingwe cha pachitsime, amaduka ndowa itadzaza.

Kusankha masipeya

Apa m'pamene panapita nthawi yambiri, ndiponso pomwe tinakanganapo pang'ono.

Tiyambe ndi madisiki a m'buti aja. Anali abwino, a kampani yodziwika, aakulu mamilimita 326 monga amafunira mabuleki a Brembo akutsogolo. Koma sanalowe. Mabowo ake asanu anali a muyeso wa 5x100, pomwe galimotoyi ndi ya 5x114.3. Wogulitsa sanalakwe, anafunsidwa za "STI ya 2004" ndipo anapereka za STI ya 2004. Vuto ndi loti Subaru inasintha muyesowu m'kati mwa chaka chomwecho. Ma GDB amagawidwa ndi zilembo kuyambira A mpaka G, ndipo kuyambira pa E mahabu, mabering'i, marimu ndi kukula kwa matayala zinasintha. Chilembocho chili pa kachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini, pa mzere wolembedwa applied model, chikangotha GDB. Pa galimotoyi panalembedwa E. Chaka cholembedwa m'mapepala a ku Road Traffic sichithandiza pogula sipeya ya galimoto yotere. Ine ndisanaitanitse kanthu ndimajambula kachitsuloko, kupeza nambala ya sipeya, n'kutumiza nambalayo kwa wogulitsa. Kubweza katundu ku Johannesburg kumadya ndalama yoposa katunduyo, ndiye madisikiwo anangowasunga kudikira wina wa GDB yakale.

Mwiniwake atamva mndandanda wonse anagwira kumutu. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chimaluma, ndipo ndalama zakunja zomwezo kuzipeza ndi ntchito. Anafunsa kuti, "Nanga madala, ku Biwi kapena ku Malangalanga sitingapezeko zotchipirapo?"

Tingapezeko, ndipo zina tinakagula komweko. Funso lomwe ndimadzifunsa pa sipeya iliyonse ndi loti ikafa imafa yokha kapena imapha zinzake. Bokosi la sefa ya mpweya ndi pulasitiki chabe, silikalamba. Valavu yobwezera mpweya ya kufakitale ndi yolimba. Ziwirizi tinazipeza kwa ogulitsa zophwasula za ku Japan pamtengo wabwino, ndipo sefa yopita m'bokosimo tinaika ya pepala wamba. Anthu amanyoza sefa ya pepala, koma m'fumbi la Lilongwe imagwira dothi kuposa zopaka mafuta zija, ndipo pa injini yosasinthidwa mphamvu yomwe imatayika siimveka.

Sensa ya MAF tinaitsuka ndi mankhwala ake, koma mawerengedwe ake anakhalabe otsika. Panali njira ziwiri: yatsopano yopanda dzina, yowala bwino m'kabokosi koyera, kapena yakale ya Denso yochotsedwa pa injini ina, nambala yake yofanana ndi yathu. Ndinasankha yakaleyo, titapangana ndi wogulitsa kuti tikaiyesa ikakana tiibweza. Sensa yokopera imagwira ntchito, galimoto imalira, nyali ya injini imazima, koma ikhoza kumanama pang'ono pa mpweya wambiri, pomwe kunama pang'ono kumasungunula pisitoni. Pa zamagetsi za injini ya turbo ndimakhulupirira chakale chenicheni kuposa chatsopano chosadziwika kwawo.

Koma zalabala zakale ndiye ayi. Paipi yolowera ku turbo yochotsedwa pa galimoto ina ya zaka zomwezo yaphikidwa ndi kutentha komweko, ndipo kuiika kumafuna kumasula zambiri pansi pa manifodi. Palibe amene amafuna kugwira ntchito imeneyo kawiri. Tinaitanitsa yatsopano. Chimodzimodzi mapaipi a petulo a m'chipinda cha injini.

Pa lamba sindinapereke mpata wokambirana. Mashopu ena ali ndi makatoni a lamba ndi magudumu ake onse pamtengo wokoma, koma ukatsegula, mabering'i ake alibe dzina lililonse. Chomwe ambiri sadziwa n'choti Subaru sipanga yokha zinthu zimenezi. Imagula kwa makampani a ku Japan monga Koyo, NSK ndi NTN pa mabering'i ndi tensioner, ndipo mayina ngati Mitsuboshi pa malamba ndi Aisin pa mapampu a madzi ndi odalirika pa injini zimenezi. Choncho sikofunika kuti bokosi likhale ndi nyenyezi za Subaru. Chofunika ndi dzina lodindidwa pa bering'i penipenipo. Ndinapempha wogulitsa wa ku South Africa kuti atsegule katoni n'kujambula gudumu lililonse tisanalipire, ndipo katunduyo anabwera pa basi. Tinasintha lamba, tensioner, magudumu onse, pampu ya madzi, thermostat ndi masilo a mafuta akutsogolo nthawi imodzi, chifukwa ntchito yotsegula ndi yomweyo.

Pampu ya petulo mwiniwake ankafuna Walbro 255, chifukwa ndi yomwe imatchulidwa m'magulu a eni ma Subaru. Ndi pampu yabwino, koma kutchuka kwakeko kwachititsa kuti ikhale imodzi mwa zokoperedwa kwambiri. Tinavomera pokhapokha itachokera kwa wogulitsa wodziwika, ndipo tinasinthanso sefa ndi kutsuka thanki. Mapulagi tinagula a platinum a NGK a nambala 7. Kwa NGK nambala ikamakwera pulagi imataya kutentha msanga, ndipo a nambala 5 omwe amadzaza m'mashopu ndi a galimoto zopanda turbo.

Oyilo yemwe tinakhetsa anali wokhuthala, wa 20W-50, wa mchigubu chachikulu, yemwe makaniko ambiri amathira galimoto iliyonse ponena kuti kuno n'kotentha. Bering'i ya turbo ndi mavalavu osintha nthawi ya camshaft zimadalira oyilo wodutsa m'timipata ting'onoting'ono, makamaka m'mawa wa Juni injini ikadali yozizira. Tinathira 5W-40 wa synthetic, malita opitirira pang'ono anayi, ndipo ndinamuuza kuti azisintha pa makilomita 5,000 aliwonse ndi kuyang'ana ndodo nthawi iliyonse akamathira petulo. Injini za EJ zimanyambita oyilo, ndipo zikakhota mwamphamvu ali wochepa mabering'i amagogoda.

Kanthu kena kakang'ono: galimotoyi ili ndi zivundikiro ziwiri za madzi, china pa redieta, china pa kathanki kapamwamba pafupi ndi turbo. Sizofanana. Cha pa kathanki ndi cha 108 kPa ndipo ndi chomwe chimabweza madzi injini ikazizira, cha pa redieta ndi cha 137 kPa. Tinapeza zitasinthanitsidwa.

Mabuleki ndi matayala

Madisiki akale anali atatsika kupitirira malire a mamilimita 28, ndipo anali ndi mabala abuluu. Kuwasema pa makina kukanangowachepetsa. Oyenera atafika, tinapala dzimbiri pa habu mpaka chitsulo kuwala, chifukwa disiki yatsopano yokhala pa dzimbiri imayamba kunjenjemera m'miyezi yochepa ndipo mlandu umagwera disiki. Mapadi mwiniwake ankafuna a mpikisano. Ndinamuletsa. Amenewo amagwira bwino akatentha, pomwe iye buleki yake yoyamba m'mawa amaiponda pa hampu ya kusukulu, ana akuwoloka. Tinaika a pamsewu a mtundu wabwino ndi mafuta atsopano a DOT 4, poti akalewo anali akuda ngati sanasinthidwepo chichokereni ku Japan.

Matayala anali amitundu itatu. Awiri akutsogolo anali 235/45R17, oyenera GDB ya E, koma akumbuyo anali 225/45R17 akaunjika, ndipo limodzi manambala anayi a pambali pake ankasonyeza kuti linapangidwa mu 2015. Pa galimoto yokoka ndi matayala onse, kusiyana kwa kukula kumachititsa kuti dayifu yapakati, yogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, izigwira ntchito nthawi zonse ngakhale pamsewu wowongoka. Giyabokosi ya STI ndi yolimba, koma mtengo wake ukhoza kugula galimoto ina yaing'ono. Ndalama ya ekizozi ija inathera apa, pa matayala anayi ofanana.

Poika lamba, ndi zotsatira zake

Kwa anzanga a ntchitoyi, ziwiri zokha. Tensioner yatsopano imabwera ndi kapini kake, musakachotse mpaka zizindikiro zonse zitalunjika. Ngati mwalakwitsa n'kufuna kuibwezera, ikanikizeni itaima chilili, pang'onopang'ono, kwa mphindi zosachepera zitatu. Kuipana chogona pa vayisi mwachangu kumaiwononga mkati ngakhale kunja ikuoneka bwino. Chachiwiri, ma camshaft a mbali ya kumanzere amakhala atakanikiza masipuling'i, ndipo lamba akachoka amatha kudumpha okha n'kupinda mavalavu. Anyamata anga ndimawauza kuti pamenepo pasakhale foni m'manja. Galimoto za magiya a pamanja zilinso ndi kachitsulo kotchinga lamba pamwamba pa gudumu la crankshaft, ndipo mpata wake ndi pafupifupi milimita imodzi. Kakakhudza lamba kamamupsereza.

Titamaliza tinafufuta zomwe kompyuta inaphunzira, ndipo IAM inayambira pa 8 monga imachitira. Tinakaiyesa ku bypass m'mawa, laputopu ili pamiyendo pa mnyamata wanga. Pokoka pang'onopang'ono m'giya yachitatu ndi yachinayi inakwera mpaka 16, mphamvu ya petulo inkatsatira turbo bwinobwino, ndipo kutsamwa kunatha. Masana kutatentha tinabwerezanso. IAM inakhalabe pamwamba, koma kompyuta inkachedwetsabe moto pang'ono singano ikadutsa 4,000. Ameneyo ndi petulo wathu, ndipo masipeya sangamusinthe.

Ndinamulangiza mwiniwake kuti akaima nthawi yaitali pamzere aziyamba wayenda modekha kuti intercooler izizire asanaponde, azithira madzi m'kathanki kopopera intercooler poti batani lake lilipo ndipo likugwira ntchito, komanso asamaponde mpaka pansi ali m'giya yapamwamba singano ili pansi. Njira yokhalitsa ndi yoti kompyuta ikonzedwe kuti igwirizane ndi petulo wa kuno, ndi munthu amene amayeza galimoto yomweyo ikuyenda, osati kuikamo fayilo yotengedwa pa intaneti yomwe inalembedwera petulo wa dziko lina. Izi tazisiya kuti zidzachitike ndalama ikapezeka.

Chatsala ndi kilatchi. Ikugwirira pamwamba, ndipo bering'i yake yayamba kulira pedulo ikapondedwa. Sinayambe kuterereka, kotero ikhoza kudikira sevisi ikubwerayi. Ya giyabokosi ya magiya sikisi imeneyi ndi yamtundu wokoka, yosiyana ndi ya ma Impreza wamba opanda turbo, ndipo nambala yake taitumiza kale kwa ogulitsa awiri kuti tifananize mitengo.